Chaka Chimene Nyanja Yamchere Inaphwa Pamaso pa Apongozi

Anthu akamakamba za njala amatchula zaka zimene mvula inathawa, mabanja n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi. Ine njala imene ndimaikumbuka inagwa m'nyumba mwanga ku Oshawa, m'dziko la Canada, m'chaka chimene chakudya chinachuluka moti chitseko cha firiji tinkachita kutseka ndi bondo. Ndikudziwa kuti ena a inu mumati nkhani zanga ndimazikometsera. Iyi sindinaigwire ngakhale ndi chala. Wokayika afunse a Sakala a ku Mississauga. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu sanama.

EPULO

Apongozi anga aamuna, a Makawa, msodzi wa ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, anafika chipale chofewa chikungotha kusungunuka. Akazi awo anali atamwalira mu Febuluwale, ndipo mkazi wanga Esinala anati bambo ake sangatsale okha m'nyumba yopanda wowaphikira. Anatsika ndege ali munthu wathupi, manja ngati nkhafi, mawu oti akatsokomola ku Oshawa agalu a tauni yoyandikana nayo ya Whitby amayankha.

Sabata yoyamba anadya moti ndinayamba kufunsira ntchito yachiwiri. Kenako ndinalakwitsa ndi ine. Mkamwini akamanga amafuna aonetse, ndiye ndinawayendetsa nyumba yonse mpaka chipinda chapansi, kumene kunali fuliza lathu lalikulu loyera, lalitali ngati bokosi. Ndinalitsegula monyadira. Munali nkhuku zathunthu, miyendo ya mbuzi, ndi nsomba zam'sitolo maso ali tong'o, zonse zitachita mbuu ndi chisanu.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa.

"Akamwini, tsekani."

Ndinatseka.

"Ndiwo takhala tikudyazi zimachokera umu?"

"Eya, bambo. Kuno ndi mmene timasungira."

"Zimagona masiku angati?"

"Zina miyezi."

Anavala chipewa chija n'kukwera masitepe. Tsiku limenelo ndiwo sanazikhudze.

Anandimasulira ndi Esinala. Mayi ake atamwalira, thupi linadikira ku mochale kupitirira sabata, iye akusakasaka ndege. Bambo ake ankapita m'mawa uliwonse kukakhala pakhonde la mochalelo. Tsiku lotenga thupi, ndi iwo amene anaima pomwepo kabati yozizira ikukokedwa.

"Amayi anali ndi chisanu m'nsidze," anatero Esinala. "Ababa anawapukuta ndi mpango wawo wa m'thumba."

Nthabwala zinandithera tsiku limenelo. Ndi tsiku lokhalo m'chaka chonsecho.

MEYI

Tinaganiza kuti tiwaonetse zatsopano, zosagona. Tinapita nawo kusitolo yaikulu. Kumeneko nsomba zinali zitandandalikidwa pa ayezi, nyama ili m'magalasi ozizira, ngakhale masamba akuwapemerera kankhungu kozizira ngati odwala malungo. Apongozi anayenda mzere umodzi manja kumbuyo, n'kutuluka.

"Dziko lonse lino ndi mochale," anatero tili m'galimoto. "Amangosiyanitsa zitseko."

Chakudya chawo chinatsala tiyi wopanda mkaka, buledi, nthochi ndi phala lamchere. Nyemba anadya mpaka m'mimba munakana. Mazira anawaona akutuluka mufiriji, nkhani inathera pomwepo. Amayi ena amene ankabweretsa matemba m'sutikesi kuchokera kumudzi chaka chimenecho anali oyembekezera, sanayende.

Apa ndi pamene analowerera a Sakala. Kwawo ndi ku Chipata ku Zambia, ntchito yawo ndi yopereka mankhwala ku famase, ndipo timapemphera limodzi. Anamva nkhaniyi kutchalitchi, Loweruka lotsatira anatulukira ndi kathumba ka kapenta, matemba a kwawo. Mtengo wa kapenta chaka chimenecho unali woti kansomba kalikonse kanayenera kukhala ndi dzina ndi pasipoti. Apongozi ananunkhiza, maso anawala, ndipo tsikulo anadya bwino. Atakhuta anati akufuna akathokoze wogulitsa. Ife opusa tinawatengera. Mayi wa pasitolopo anasangalala, nati awapatse kathumba kena kabasela. Anawerama, n'kukatulutsa mufuliza.

Kumapeto kwa mweziwo chisanu chitaleka, tinabzala. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamalo koti mbuzi itagonapo mchira umatulukira kwa aneba. Khasu kulibe, ndiye apongozi anaunda mizere ndi fosholo. Tinabzala chimanga, maungu, mpiru ndi bonongwe. Aneba athu, gogo wachizungu, anasuzumira pampanda, anaona mitumbira ya mizere ija, n'kufunsa mwaulemu ngati m'banja mwathu onse alipo.

JUNI

Mbewu zinamera, koma munthu sadya kumera. Apongozi anayamba kutha. Lamba wawo ndinamuboola mabowo atsopano mpaka anatha, n'kuyamba kuzungulira kachiwiri. Ndikanama mphenzi indiwombe.

Esinala ndi namwino kunyumba yosamalira okalamba, ndiye maso ake sanamizidwa. Anawatengera kwa dokotala. Dokotalayo, mayi wosazungulira polankhula, anati magazi achepa, thupi likutsika msanga, ndipo pofika Seputembala sikelo ikapanda kukwera adzawagoneka m'chipatala, azidyera pa kapaipi.

"Muuze kuti chipatala ndinachiona kale," apongozi anauza mwana wawo. "Bola undibwezere ku Kachulu."

"Ku Kachulu akakuphikireni ndani, ababa?"

Tonse tinadziwa yankho lake. Kuno kapaipi, kwawo nyumba yopanda utsi.

Mphekesera zinauluka ngati ngumbi. Alamu anga ku Zomba anaona chithunzi pafoni, n'kuyamba kuuza abale kuti mwana wamkazi ndi namwino koma bambo ake akuuma ngati temba pathandala. Kutchalitchi ena ankati ine ndimakhoma firiji ndi loko. Ena ankati ndi zitsamba za chuma. Chuma chake chiti, ine amene ndimakwera sitima ya m'bandakucha kukawerengera eni ake makatoni ku weyahausi yosungiramo katundu?

A Sakala anabweranso ndi nzeru ina. "Nyanja si ili pompano? Tigule laisensi, atata azigwirire okha. Nsomba yamoyo sangakane."

Tinapitadi kudoko la Oshawa ndi ndodo zawo zowedzera. Koma chilimwe chimenecho chinali chamisala. M'mawa kutentha kwa thukuta lomata, masana mitambo yakuda bii kuchokera ku Toronto, kenako ziphaliwali. Munthu wagwira ndodo yaitali m'mbali mwa madzi mphenzi zikung'anima ndiye kuti akuitana. Loweruka lililonse tinkathawa tisanagwire ngakhale chule.

Tsiku lina mnyamata wachizungu pafupi nafe anakoka chinsomba chachikulu, chonona, chikuphiriphitha. Apongozi anaimirira, kukhosi kukuyenda. Mnyamatayo anachinyamula, mnzake anamujambula, anachipsompsona pamphumi, n'kuchibwezera m'madzi.

"Wadwala mutu?" anafunsa apongozi.

"Ni masewera chabe, atata," anatero a Sakala. "Agwira, ajambula, abweza."

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti kuno yamoyo amaibweza, yakufa chaka chatha amaidya."



JULAYI

Nkhwani woyamba anatuluka. Esinala anatendera, apongozi anadya masiku awiri otsatizana, ife n'kuyamba kupuma. Tsiku lachitatu masana kunagwa matalala. Anali aakulu ngati mazira a nkhanga. Podziwa kuti anthu adzanditsutsa, ndinatola limodzi n'kukalisunga mufuliza ngati umboni. Munda unatsala ngati mwadutsa ng'ombe zoledzera. Zimene matalala anasiya anamaliza ndi agologolo, pamodzi ndi kanyama kakuba kovala magalasi akuda kamene kuno amati rakuni. Kameneka kamatsegula chivundikiro ndi manja, ndipo ndinakaonapo kakusankha chimanga ngati mayi pamsika.

Apongozi anasiya kulankhula. Ankangokhala pamasitepe akuseri kuyang'ana mizere. Mphepo ikawomba Esinala ankawaika miyala m'matumba a jekete. A Sakala miyalayo anaiona.

Ndi a Sakala omwewo anabwera ndi mphekesera yabwino yokhayo ya chakacho. Mnzawo wa kuntchito, wochokera kum'mawa kwenikweni kwa dziko lino, anawauza kuti mu Ogasiti kunyanja yamchere kumabwera nsomba yotchedwa makerele, m'bale wake wa kalapawu uja wa ku Mozambique. Akuti imafika mpaka padoko, yochuluka moti ngakhale abusa amagwira.

"Manje tiyeni," anatero a Sakala. "Vani ilipo. Nizabuka na boti, tikalowe mkati mwenimweni."

Esinala anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Pa anthu atatu inu, ndani anaionapo nyanja yamchere?"

Panalibe. A Sakala ndi a kumtunda. Ine ndi wa kumapiri a Dedza, madzi aakulu amene ndinakula nawo ndi a mumgolo. Apongozi nyanja yawo ndi Chilwa, yoti malo ambiri ukagwa m'bwato umangoimirira.

"Pitani," anatero Esinala, poti mankhwala ena analibe. Anandikokera pambali. "Bambo a Tada, mukawabweretse ali ndi mafuta pakamwa. Apo ayi, inunso mukatsale komweko."

OGASITI

Tinayenda tsiku lonse, tinagona, tinayendanso. Tinadutsa dera limene zikwangwani zake za Chifalansa a Sakala ankawerenga molimba mtima koma molakwa. Kumbuyo kwa vani tinanyamula waya wa sefa, ndowa ndi nkhuni, chifukwa apongozi ananeneratu kuti nsomba yawo sigona pa ayezi. Ikatuluka m'madzi ipite pamoto, iwambidwe.

Tinafika chakumadzulo pamudzi wina wa asodzi ku New Brunswick. Madzi anali odzaza mpaka m'milomo ya doko, maboti akuvina. Apongozi anaviika chala n'kulawa.

"Ya kwathu ili ndi kamchere," anatero, "koma iyi wothira anali atakwiya."

Mwini boti, bambo wandevu mpaka pachifuwa, anatipukusira mutu. Anati namondwe wina akukwera kuchokera kum'mwera, ndipo kunja kwenikweni mafunde atalika ngati nyumba. Lero ayi, mawa ayi, mkuja tidzaona. Ngakhale m'mbali muno madzi avunduka, nsomba sizikuona mbedza. A Sakala anafuna kukambirana, ndevu zija zinangoloza kumwamba. Mvula inayamba pomwepo.

Masiku awiri tinatsekeredwa m'kanyumba ka alendo kuseri kwa mitengo. Mvula inkagwa chopingasa. Ikapuma kunkabwera chifunga choti ukatambasula dzanja umafunsa kuti ndi la ndani. Nyanja sitinaionenso. Mwini kanyumbako anatiletsa kukoleza moto panja chifukwa cha mphepo. Apongozi anagona chogadama, manja pachifuwa, ndipo kagonedwe kameneko sindinakakonde.

M'mawa wachitatu kunayera pang'ono. Tinathamangira kudoko.

Nyanja kunalibe.

Ndikubwereza, chifukwa apa ndi pamene anthu amayamba kuseka. Nyanja kunalibe. Maboti aja anali atagona chammbali pamatope. Doko linali litaima pamiyendo yake yaitali ngati tchalitchi. Madzi ankaoneka kutali uko, koti munthu wofuna kutunga akanakwera basi.

"Yaphwa," anatero apongozi chapansipansi. "Ndinaziona izi ku Chilwa. Tafika mochedwa, akamwini."

"Ni kusintha kwa nyengo uku," anatero a Sakala, munthu wa madigiri. "Tinaiwononga dziko."

Ine kusukulu ndinaphunzira kuti nyanja yamchere imakwera n'kutsika potsata mwezi, ndipo pamayeso ndinakhoza. Koma ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya kachikhatho kamodzi, osati nyanja yonse kusamuka ndi katundu wake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinaona nkhope ya apongozi ikusintha.

"Chilwa ikaphwa," anatero, "nsomba zimatsalira m'zithaphwi. Mlamba umabisala m'matope. Wofika woyamba ndi amene amadzaza dengu." Anayamba kupinda buluku. "Tengani ndowa. Tengani waya ndi nkhuni zomwe. Panyanja youma palibe mwini woletsa moto."

Tsopano ndiuzeni. Mkamwini wa ku Dedza angaphunzitse apongozi a ku Kachulu za madzi? Ndiponso munthu amene wakhala miyezi akukwawa, lero akuyenda moti tikumuthamangira, ndimuimitse ndi za m'buku? Ndinatseka pakamwa n'kusenza nkhuni.

Tinalowa mkati ndithu, mpaka tinapeza chimwala chachikulu chotchinga mphepo. Pamenepo tinasanja miyala, tinayala waya, thandala linaima, moto unayaka. Nsapato zanga zatsopano ndinaziika pamwamba pa mwala kuti zisade. Apongozi anali m'zithaphwi, manja m'matope mpaka m'zigongono. Ankatulutsa nkhanu, nkhono, ndi udzu woterera. Mlamba kunalibe, koma iwo sanadandaule. Ankalankhula.

"Chaka china itaphwa tinayenda wapansi mpaka pachilumba cha Chisi, ine ndi make Esinala. Iye dengu pamutu, mlamba uli tho. Anaterereka n'kukhala pansi m'matope, koma dengu osagwa. Ndinati dzuka, iye akungoseka. Akuti yamba watula ndiwozi, mkazi upeza wina."

Kanali koyamba kuwatchula akazi awo chifikire ku Canada. Ine ndi a Sakala tinangoyang'ana moto.

Kutali padoko kunaoneka mayi wovala jekete lachikasu, akukupiza manja onse awiri, akukuwa. A Sakala anamukupizira nawonso.

"Anthu a kuno ni aulemu maningi," anatero.

Kenako mapazi anga anazizira. Ndinayang'ana pansi, madzi. Ndinayang'ana kutsogolo, nyanja ikubwera mwakachetechete, yopanda funde, ngati mwini munda wapeza akuba. Ndinacheuka. Madzi anali atatizungulira kale, akudzaza makwawa a pakati pa ife ndi mtunda.

"Atata, thawani!" anakuwa a Sakala, iwo atayamba kale.

Apongozi anayesa kuthamanga, miyendo inakana. Sindinapemphe chilolezo. Ndinawerama n'kuwabereka. Munthu uja wa manja ngati nkhafi analemera ngati thumba la masamba ouma, ndipo kupepuka kumeneko kunandiopsa kuposa madziwo. Madzi anafika m'mawondo, m'ntchafu, m'chiuno, ozizira ngati akuluma. A Sakala anali patsogolo, ndodo zowedzera m'mwamba, akupemphera m'Chinyanja, m'Chingerezi, ndi m'chilankhulo china chimene mpaka lero amakana kuti sachidziwa.

Tinafika pamtunda mayi wa jekete lachikasu akutikoka ndi makolala. Titacheuka tinaona moto wathu ukuti tsiii, nkhuni zikuyandama, thandala lamira. Nsapato zanga zinanyamuka pamwala paja ziwiriziwiri, mwaulemu, kulunjika kum'mwera. Ndinamva kuti zinaoneka ku Beira.

Mayiyo anatikalipira m'Chingerezi chothamanga moti a Sakala ankangomasulira mitu yokha. Anati anthu amafa ndi zimene tachitazi. Anati madziwa amachoka n'kubwerera tsiku lililonse.

"Tsiku lililonse?" anafunsa apongozi, ali chinyowere pamatabwa a doko.

"Akuti kawiri, atata."

Apongozi anayang'ana kunyanja. Madzi ankakwera miyendo ya doko. Maboti aja ankadzuka limodzilimodzi, ngati anthu oledzera amene amva belu la tchalitchi. Pamene panali matope panayamba kuvina mafunde. Kenako ndinamva phokoso limene ndinali nditaliiwala. Apongozi ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika.

"Ya kwathu ikapita timaidikira zaka," anatero. "Iyi inangopita kumsika!"

Mayi uja mkwiyo unamuthera. Analoza kum'mwera kumene mitambo inali itaunjikananso bii, nati namondwe sanathe, abwerera dzuwa lisanapendeke. Kenako analoza mbalame zoyera zimene zinkadzigwetsa m'madzi pafupi ndi doko. Anati madzi akamakwera chonchi mphepo isanafike, makerele amathamangitsira tinsomba ting'onoting'ono kumtunda kuno. Ngati tinabwerera nsomba, nthawi yake ndi ino, ndipo ndi yochepa.

Anatenga m'galimoto mwake chingwe cha mbedza zingapo, iliyonse itamangidwa tinthenga, popanda nyambo.

"Nsomba yodya nthenga ndi yopusa," anatero apongozi. Ndodo ya a Sakala anaikana. Anakulunga chingwe kudzanja monga achitira kwawo, n'kuponya.

Sichinafike n'komwe pansi. Dzanja lawo linagwedezeka, mapewa anadzuka, anakoka. Mbedza iliyonse inali ndi mwini wake. Nsomba zamizeremizere yobiriwira pamsana, mimba zonyezimira, zikunjenjemera ngati zagwidwa ndi magetsi. Anaponyanso, zomwezo. Pansi pa dokolo nsomba zinachuluka moti madzi ndi amene ankasowa malo. Ndinaponya mwala, sunamire. A Sakala, amene pa nyanja ya Oshawa sanagwirepo ngakhale chimfine, ankakuwa aleluya pa kukoka kulikonse.

Mayi uja ankayang'anira ndowa, chifukwa boma lili ndi malire a nsomba zimene munthu mmodzi angatenge pa tsiku. Zazing'ono ankati tibweze. Pa zimenezo apongozi sanatsutse.

"Mwana amabwezedwa," anatero. "Koma osampsompsona."

Mvula inafika ndi mphepo yake, yomenya ngati mchenga. Ndipo apa ndi pamene ndinazindikira tsoka lathu. Ndowa zadzaza nsomba zamoyo, koma nkhuni zili paulendo wa ku Beira pamodzi ndi nsapato. Ndinayang'ana a Sakala. A Sakala anayang'ana kumwamba. Mayi uja anafunsa chavuta n'chiyani, bwanji osangoziika pa ayezi. Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chonse, za mochale, za nsidze, za mpango. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto lake n'kutulutsa kambaula ka gasi.

Tinabisala pansi pa chitseko chakumbuyo cha vani, tonse anayi, mitu pamodzi ngati nkhuku. Apongozi anang'amba nsomba chakumsana, monga achitira ku Chilwa, anaitsuka m'madzi a m'ndowa, mchere osafunika. Mafuta anayamba kulira pamoto. Itapsa anabenthula kachidutswa koyamba, anayenda pamvula mpaka kumapeto kwa doko, n'kukaponya m'madzi.

"Make Esinala," ndinawamva akutero, "iyi ndi yotentha."

Anabwerera, anakhala pansi, anadya. Anadya yoyamba, yachiwiri, ndipo kuwerenga ndinakusiyira pomwepo chifukwa m'maso mwanga munalowa mvula. Mafuta ankatsika mpaka m'zigongono. Minga ankaisanja pabondo ngati mphoto. Mphenzi inkang'amba kumwamba, iwo osacheuka n'komwe.

Ndinaimbira Esinala foni ya kanema n'kuwalozetsa. Anali kuntchito, mukhonde. Anayang'ana bambo ake akutafuna, anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi anapukuta m'maso n'kunena kuti nditembenuze foniyo.

"Bambo a Tada, nsapato zili kuti?"

Boti lopita kunja kwenikweni silinanyamuke mpaka tinachoka. Mafunde sanagonje sabata yonseyo, ndipo ndevu zija zinkangoloza kumwamba. Ife sizinatikhudze. Tinaphunzira kufunsa kuti madzi abwerako liti kumsika, tizikawadikira padoko. Mayi wa jekete lachikasu anatibwereka kashedi ka amuna ake kowambiramo nsomba, ndipo apongozi anawamba mpaka zinauma gwa. Vani ya a Sakala mpaka lero ikaima pa maloboti amphaka amaizungulira.

SEPUTEMBALA

Titabwerako tinapeza munda wadzuka wokha. Maungu anali atayanga mpaka kwa aneba, bonongwe ali paliponse, wosamva imfa. Chimanga tinakolola chochepa, rakuni atachotsapo chakhumi chake, koma nkhwani anachuluka moti apongozi ndi mwana wawo anayamba kufutsa. Ankawiritsa masamba pang'ono n'kuyanika pa sefa za mawindo zimene ndinachita kuzula ndekha. Mfutso unali ponseponse, padenga la galimoto, pampanda, pamipando yapanja. Gogo wa kuseri kwa mpanda anasiya kufunsa mafunso, anayamba kupempha.

Tsiku la dokotala linafika. Apongozi anakwera sikelo atavula nsapato ndi chipewa, kuti pasakhale zonena. Dokotala anayang'ana, anawatsitsa, anaimenya sikeloyo pambali, n'kuwakwezanso. Za kapaipi sanazitchulenso. Anafunsa Esinala kuti tawamwetsa mankhwala anji.

"Muuze kuti ndinamira pang'ono," anatero apongozi.

Mwezi womwewo nsomba zikuluzikulu za salimoni zinayamba kusonkhana padoko la Oshawa kuti zikwere mtsinje, ndipo mphenzi zinali zitapita kutchuthi. Apongozi, laisensi m'thumba, anakoka imodzi yoti pobwerera ndinaikhazika pampando wakutsogolo n'kuimanga lamba. Mnyamata wina anatithamangira ndi foni, akufunsa ngati tiibweza.

"Akuti chiyani, akamwini?"

"Akuti ngati muibwezere m'madzi, bambo."

"Muuzeni ajambule msanga. Ili ndi ulendo."

OKUTOBALA

Masamba a mitengo atafiira panabuka vuto la anthu okhuta, la kosungira. M'galaja rakuni ankalowa ngati ali ndi kiyi. M'khitchini Esinala anati fungo la nsomba likumutsatira mpaka kuntchito, okalamba ake ayamba kumupempha ndiwo.

Loweruka lina m'mawa apongozi anaima pamwamba pa masitepe opita chipinda chapansi, kumene sanapondeko chiyambire Epulo.

"Akamwini, tsogolani."

Tinatsika. Anaima patsogolo pa fuliza lija. Nyama zonse tinali titagawa kale kwa anthu a kutchalitchi, omwe aja ankati ndimakhoma ndi loko.

"Tsegulani."

Ndinatsegula. Munali chisanu chokha m'mbalimu, ndi kanthu kamodzi kozungulira pakona. Apongozi anawerama okha n'kuzula chingwe chake kukhoma. Fuliza linasiya kung'ung'udza. Anapisa m'thumba, anatulutsa mpango, n'kuyamba kupukuta chisanu chija pang'onopang'ono, mbali ndi mbali. Ndinafuna kuthandiza, anandikaniza ndi dzanja. Esinala anali ataima pamasitepe, sanatsike.

Linakhala chitsegukire mpaka linauma. Kenako anayalamo mapepala, anasanjamo matumba a mfutso, nsomba zowamba, ndi tizitsononkho ta chimanga cha mbewu pamwamba.

"Nkhokwe," anatero.

Choncho talala langa lija linasungunuka, ndipo umboni wa matalala ndilibe. Amene amati anali aang'ono anene, ndawakhululukira. Umboni wa zina zonse ulipo. Umakhala pampando wanga, umadya mutu wa nsomba umene kale unali wanga, lamba ali pabowo loyamba. Zam'firiji sadya mpaka lero, ndipo palibe amawakakamiza. Ku Zomba mphekesera inasintha, akuti tikuwanenepetsa kuti tiwakwatitse kwa mzungu wa jekete lachikasu.

Tsiku lija titamaliza kusanja, ndinatsitsa chivundikiro mosasamala, chinatsala kampata. Apongozi anali atafika kale pakati pa masitepe, koma anacheuka.

"Akamwini, tsekani bwino," anatero. "M'menemo mungalowe kuzizira."